Ngodya ya Tebulo: Mbiri ya Luso Lolumikiza Matabwa

Nkhani ya mbiri imene takukonzerani lero ikuyambira pa kanthu kamene kali m'nyumba zambiri, koma kamene anthu sakayang'ana kaŵirikaŵiri. Kanthuko ndi ngodya ya tebulo, kapena ya chitseko cha kabati, pamene thabwa lina limakumana ndi linzake. Munthu akamagula tebulo ku Old Town mu mzinda wa Lilongwe, maso ake amathamangira pa vanishi wonyezimira ndi pa maŵanga a mtengo. Mmisiri wodziŵa ntchito amayamba wagwada ndi kusuzumira kunsi, chifukwa iye adziŵa kuti moyo wa tebulolo, kaya likhala zaka zitatu kaya lidzafika kwa adzukulu, wagona pa ngodya zinayi zija.

Kuti timvetse chifukwa chake, tikumbuke zimene chitseko cha matabwa chimachita pa chaka. Mu Febuluwale, mvula ili pakati, chitseko chimakana kutsekeka mpaka mwini wake achikankhe ndi phewa. Mu Okutobala, dzuŵa litaŵamba dziko, chitseko chomwecho chimasiya mpata woloŵera fumbi. Mtengo ngakhale udulidwe ndi kuchekedwa, suleka kumwa chinyezi cha mumpweya ndi kuchilavulanso. Ukamwa umafufuma, ukalavula umanyala. Koma chinsinsi chachikulu n'chakuti thabwa limafufuma ndi kunyala mulifupi, pamene mulitali kusintha kwake sikuwoneka ndi maso. Thabwa la mita imodzi mulifupi likhoza kusintha ndi sentimita yathunthu pakati pa dzinja ndi chilimwe. Tsono mmisiri akakhomera thabwa lotere ndi misomali pa mtengo wopingasa, ndiye kuti wamanga pamodzi zinthu ziŵiri zoyenda mosiyana, ndipo chimodzi chiyenera kugonja. Kapena thabwa ling'aluka, kapena lipindika, kapena misomali izuka. Mbiri yonse ya luso lolumikiza matabwa ndi mbiri ya anthu ofunafuna njira yogwirira mtengo mwamphamvu, koma mowusiyira malo oyenda.

Makolo athu vuto limeneli adalizemba mwanzeru. Ziŵiya zawo zamtengo ankazisema kuchokera ku chipika chimodzi: mtondo ndi munsi wake, bwato, ng'oma, mpando, mtsamiro, chipande. Zida zawo zidali nkhwangwa, sompho ndi kasemasema. Chinthu chosemedwa pa mtengo umodzi chilibe polumikiza, choncho chilibenso pogwedera. Pomanga nyumba ndi nkhokwe, nsichi, mbalo ndi phaso ankazimanga ndi luzi, ndipo luzi limagwira koma limalola mitengo kusuntha pang'ono. Chitseko chidali cha bango kapena cha nsungwi. Komabe tisaganize kuti nzeru yoloŵetsa chinthu m'bowo la chinzake idali yachilendo kwa iwo. Mlimi aliyense adziŵa m'mene msuka wa khasu umaloŵera pa bowo la mpini lobowoledwa ndi chitsulo chamoto, ndipo adziŵanso kuti khasu likakhwepa m'chilimwe, kuliviika m'madzi kumalilimbitsa. Zimene akalipentala a lero amatchula kuti tenoni ndi motisi, zimene ife m'nkhani ino tizitchula kuti lilime ndi bowo, n'zapachibale ndi msuka ndi mpini.

Tsopano tiwoloke nyanja, tipite ku dziko kumene nzeru ya lilime ndi bowo idakula kwambiri. Mu 1973, pa malo otchedwa Hemudu m'chigawo cha Zhejiang ku China, padapezeka mabwinja a mudzi wa zaka pafupifupi 7,000 zapitazo. M'matope a pamalopo mudasungika mitengo ya nyumba yokhala ndi malilime ndi mabowo, yosemedwa ndi zida zamwala, anthu asanadziŵe chitsulo. Matchaina luso limeneli amalitchula kuti sunmao, sun kutanthawuza lilime, mao kutanthawuza bowo. Amisiri awo amalemekeza Lu Ban, mmisiri amene adakhala ndi moyo zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe, monga kholo la ntchito yawo. Mu 1103 mkulu wina wa boma dzina lake Li Jie adatulutsa buku la malamulo a kamangidwe lotchedwa Yingzao Fashi, lofotokoza miyeso ya mitengo ndi kalumikizidwe kake. Ndipo ku Yingxian, m'chigawo cha Shanxi, kuli nsanja ya kachisi yamatabwa yotalika mamita 67, yomangidwa mu 1056, imene yapirira zivomezi zambiri ndipo idakayimabe.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka zikwi zambiri luso limeneli lidali makamaka la nyumba, popeza Matchaina akale ankakhala pansi pa mphasa monga ife. Mipando ndi matebulo ataliatali zidafala pang'onopang'ono, ndipo zidakhazikika m'nyumba za anthu pa nthaŵi ya mafumu a banja la Song, amene adalamulira kuyambira mu 960 mpaka mu 1279. Amisiri a mipando adangotenga nzeru ya omanga nyumba ndi kuyichepetsa. Mwendo wa tebulo udakhala ngati mzati, mtengo wopingasa udakhala ngati mtanda wa denga.

Ntchitoyi idafika pachimake pa nthaŵi ya mafumu a banja la Ming, pakati pa 1368 ndi 1644, makamaka chakumapeto kwake. Mu 1567 boma lidafeŵetsa lamulo loletsa anthu wamba kuchita malonda a panyanja, ndipo zombo zidayamba kubweretsa mitengo yolimba yochokera ku mayiko otentha a kumwera. Iŵiri yotchuka idali huanghuali, wachikasu wopita kofiira, ndi zitan, wakuda bii ndi wolemera moti umamira m'madzi. Omvera akuyenera kudziŵa kuti zitan ndi wa mtundu umodzi ndi mlombwa wathu, ndipo huanghuali ndi mbale wa phingo. Mitengo yotere imalola mmisiri kusema lilime lopyapyala ngati chala koma losathyoka, ndipo ikapalidwa imasalala yokha, osafuna utoto wobisa. Popeza padalibe utoto wobisa, polumikiza paliponse padali poyera, ndipo mmisiri adayenera kupakongoletsa.

Tiyeni tiyerekeze kuti tili pa malo ogwirira ntchito a mmisiri wa mu mzinda wa Suzhou, kumene kudali amisiri otchuka a nthaŵi imeneyo, ndipo akupanga pamwamba pa tebulo. Iye satenga thabwa limodzi lochindikala. Amayamba ndi mitengo inayi ya felemu, iŵiri yayitali ndi iŵiri yayifupi. Nsonga ya mtengo uliwonse amayidula chopendeka pa madigiri 45, monga m'mene timadulira felemu ya chithunzi. Kadulidwe aka n'kokongola, chifukwa kamabisa nsonga ya mtengo, paja pamene mitsempha yake imathera ndipo pamawoneka pakuda ndi pokakala. Koma pakokha n'kofowoka kwambiri. Felemu ya chithunzi ikagwa pansi imamasuka pa ngodya. Choncho mmisiri uja, podula nsonga ya mtengo wautali, amasiya lilime m'kati mwa chopendekacho, ndipo pa mtengo waufupi amabowola bowo lolingana nalo ndi tchizulo. Akaziphatikiza, kunja kumangowoneka kamzere kamodzi kopendeka, koma m'kati lilime laloŵa m'bowo. Nthaŵi zambiri lilimelo limatulukira mbali ina, ndipo mmisiri amakhomerapo kamtengo kosongoka kuti lilime litambasuke ndi kudzaza bowo. Kalumikizidwe aka amakatchula kuti gejiao sun.

Felemu ikatha, pamatsala thabwa lapakati, ndipo apa ndi pamene pali nzeru yeniyeni. M'mphepete mwa m'kati mwa felemu monse mmisiri amakumbamo kangalande. Thabwa lapakati amalipala m'mbali mwake kuti lipyapyale, nkuloŵetsa mbalizo m'kangalande kaja. Saliyika guluu, salikhomera msomali. Thabwalo limangokhala mogwidwa mbali zonse zinayi, ngati mlendo wokhala pa mphasa ya eni ake. Likafufuma m'dzinja limaloŵerera m'kangalande, likanyala m'chilimwe limabwerera, ndipo felemu, imene mitengo yake yonse yagona mulitali, imakhala chikhalire. Koma thabwa lopyapyala limakonda kupindika ngati chipande. Pofuna kupeŵa zimenezi, kunsi kwa thabwalo amakumbako tingalande topingasa, totambasuka m'kati ndi topapatiza pakamwa, mofanana ndi mchira wa nkhunda. M'tingalandeti amaloŵetsamo timitanda tosemedwa mofanana, ndipo nsonga za timitandato zimaloŵa m'mabowo a mitengo yayitali ya felemu. Kamtanda kotere sikangazuke, thabwanso silingapindike, komabe thabwalo likhoza kutsetsereka pa kamtandako likafuna kufufuma. Potero mtengo wodula unkagwiritsidwa ntchito mosamala, chifukwa thabwa lopyapyala lidakwanira pamene pakadafunika lochindikala.

Palinso kalumikizidwe kena kamene ngakhale amisiri a lero amakagomera. Pa ngodya ya shelefu kapena ya kabati pamakumana mitengo itatu, mwendo ndi iŵiri yopingasa. Amisiri a ku China ankadula nsonga zonse zitatu chopendeka, kotero kuti timizere titatu timakumana pa kadontho kamodzi, ndipo malilime onse amabisika m'kati. Amakatchula kuti zongjiao sun, potengera chakudya chawo cha mpunga chokulunga m'masamba, chimene chimakhala ndi ngodya zosongoka chimodzimodzi. Kunena mosabisa, kalumikizidwe aka kali ndi kukongola kochuluka kuposa mphamvu, popeza mabowo angapo amathithikana pa malo amodzi. Pa mtengo wolimba kamagwira, koma pa paini kangangofumbutuka.

Anthu amakonda kunena kuti mipando ya Ming idalibe guluu ndi pang'ono pomwe. Kumeneko n'kukokomeza. Amisiri ankagwiritsa ntchito guluu wophikidwa kuchokera ku chikhodzodzo cha mpweya cha nsomba, koma pang'ono, ndipo guluuyo amasungunuka ndi madzi otentha, choncho mpando unkatheka kuwumasula, kuwukonza ndi kuwumanganso. Misomali ndiyo ankayipeŵa, ndipo chifukwa chake mmisiri aliyense amene adayesapo kukhoma msomali pa muŵanga wowuma achidziŵa. Msomali umapindika kapena mtengo umang'aluka, ndipo ukaloŵa, dzimbiri limadya mtengo mozungulira.

Kodi zinthu zimenezi zidafika kuno kwathu pa nthaŵi imeneyo? Katundu wa ku China adafikadi. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene padali likulu la Kalonga wa Amaravi, katswiri wofukula zakale Dr Yusuf Juwayeyi adapeza mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zadothi zochokera ku China. Mbale ndi mikanda zimanyamulika pamutu kuchokera ku gombe la nyanja yamchere, kudutsa m'manja mwa amalonda ambiri. Luso la manja limayenda ndi mwini wake, ndipo mmisiri wa ku Suzhou sadafike ku Mankhamba. Matabwa ochekedwa adayamba kuwoneka m'mbali mwa nyanja yathu m'zaka za m'ma 1800, pamene a Jumbe a ku Nkhotakota ankakhoma zombo zawo zowolotsera minyanga ndi akapolo. Koma luso la mipando, matebulo ndi zitseko za felemu lidadzera njira ina, ya amishoni.

Mishoni ya Blantyre idayamba mu 1876, ndipo kuyambira pachiyambi idali ndi cholinga chophunzitsa ntchito zamanja pamodzi ndi mawu a Mulungu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott adamanga pakati pa 1888 ndi 1891, chidamangidwa ndi manja a anthu akuda amene ankaphunzira ntchito ali pa ntchito pomwepo. Kumpoto, Dr Robert Laws adatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, kumene anyamata ankalembedwa kuti aphunzire ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku kwa zaka zingapo. M'chigawo chapakati a Dutch Reformed adafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo ansembe a White Fathers adakhazikika ku Mua mu 1902 ndi ku Likuni, pafupi ndi Lilongwe, mu 1903. Mishoni iliyonse inkafuna mabenchi, zitseko, mazenera ndi madesiki, ndipo kuyitanitsa zimenezi ku Ulaya kudali kosatheka. Choncho paliponse padabadwa shedi ya matabwa, ndi dzenje lochekerapo mitengo, munthu mmodzi pamwamba wina pansi, akukokerana macheka aatali, monga m'mene ocheka matabwa amachitirabe m'nkhalango zathu.

Zimene amishoni adaphunzitsa zidali zapachibale ndi za ku China, ngakhale zidakula pazokha. Ku Ulaya nakonso amisiri adazindikira, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1400, kuti thabwa lapakati liyenera kuyandama m'kangalande ka felemu. Kusiyana kudali pa ngodya. Mmisiri wa ku Scotland sankadula chopendeka. Mtengo wina unkangogunda pa unzake molunjika, lilime nkuloŵa m'bowo, ndipo ankabowola pambali ndi kukhomerapo chikhomo chamtengo. Ngodya yotere siyibisa kanthu, koma ndi yolimba ndipo imaphunzirika msanga. Zitseko zambiri zakale za mapanelo anayi kapena asanu ndi limodzi zimene mungaziwone pa mishoni kapena pa boma zidapangidwa motere. Amisiri athu adali ndi mwayi wina umene anzawo a ku Ulaya adalibe, ndiwo mitengo. Mlombwa ndi umodzi mwa mitengo yosafufuma ndi kunyala kwambiri, ndipo chiswe sichiwukonda. Mbaŵa imapalika bwino ndipo imapatsa matabwa aakulu. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, ndi fungo lake lija, udafolera nyumba ndi kukongoletsa zipinda zambiri za boma ku Zomba.

Lilongwe pa nthaŵi imeneyo adali kamudzi. Pofika mu 1904 padali pataima boma kumadzulo kwa mtsinje, ndipo posakhalitsa amwenye adamanga masitolo awo kutsidya la kum'maŵa, kumene kudadzakhala msika. Kugaŵikana kumeneku kukuwonekabe mpaka lero ku Old Town: mbali ina maofesi akale ndi nyumba za mipanda yayikulu za ku Area 3, mbali ina masitolo, mzikiti, msika ndi phokoso la msewu wa Malangalanga. Chimene chidabweretsa ndalama ndi fodya. Kuyambira mu 1920, pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace adayamba kulimitsa fodya m'dera lino, alimi a m'midzi adayamba kugwira ndalama, ndipo munthu akagulitsa fodya ankafuna njinga, malata, kenaka chitseko cha matabwa, tebulo ndi mipando iŵiri. Mphunzitsi, kalaliki ndi munthu wobwera ku Joni kapena ku Harare ankafuna bokosi lamatabwa losungiramo zovala. Amwenye ankafuna makawuntala ndi mashelefu. Kalipentala wophunzira ku mishoni adapeza msika, ndipo ambiri adasiya mishoni nayamba zawozawo. Lilongwe adalandira ulemu wokhala tawuni mu 1947.

Kusintha kwakukulu kudadza ndi ganizo la Dr Kamuzu Banda losamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba. Bungwe lomanga likulu la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Lilongwe adakhala likulu mu 1975. M'zaka zimenezo maofesi a pa Capital Hill ndi ku City Centre, pamodzi ndi nyumba zatsopano za ku Area 10, Area 12, Area 18 ndi Area 43, zonse zinkafuna zitseko, makabati, madesiki ndi mabedi nthaŵi imodzi. Sukulu ya ntchito zamanja ya Lilongwe Technical, imene idatsegulidwa mu 1963, ndi ya ku Namitete pa msewu wa ku Mchinji, imene mipando yake idatchuka dziko lonse, zinkatulutsa anyamata odziŵa kugwira puleni ndi sikweya. Mnyamata wokalemba mayeso a boma a zaumisiri sankapambana chifukwa chodziŵa kukhoma msomali. Ankampatsa mitengo iŵiri kuti aseme lilime ndi bowo zoloŵana popanda mpata, kapena kuti alumikize ngodya ya dilowa ndi timichira ta nkhunda. Mipando ya m'zaka zimenezo idakalipo m'maofesi ena ndi m'nyumba za anthu opuma pa ntchito, yakuda ndi ukalamba, yolemera ponyamula, koma yosagwedera.

Nanga chidachitika n'chiyani kuti lero ogula azidandawula za mipando yomasuka chaka chisanathe? Sikuti amisiri a ku Mchesi, ku Biwi ndi ku Kawale ndi aulesi kapena osadziŵa. Choyamba chidasintha ndi mtengo. Mlombwa ndi mbaŵa zidayamba kusoŵa pafupi ndi mzinda, ndipo nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, idadyedwa ndi makala. M'malo mwake mudaloŵa paini wa ku Chikangawa, nkhalango yobzala ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndi wa ku Dedza, kudzanso bulugamu. Paini ndi wofeŵa, ndipo kaŵirikaŵiri amafika pa msika asanawume. Mmisiri wopanda ndalama zogulira matabwa oti awasunge miyezi ingapo amagula lero, kupala maŵa, kugulitsa mkuja. Lilime losemedwa pa thabwa laliŵisi limanyala m'bowo ndi kukhwepa, choncho mmisiri amawona kuti kuvutika nalo n'kutaya nthaŵi, bola msomali ndi guluu. Wogulanso amanenerera mtengo mpaka mmisiri atsale ndi ya ufa wokha, ndipo ngodya yosema tsiku lathunthu palibe angayilipire.

Padabweranso nyengo yoŵaŵa imene okhala mu Lilongwe sangayiiŵale. M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, matenda a Edzi adachulukitsa maliro kotero kuti amisiri ambiri a m'mbali mwa misewu adasiya mipando nayamba kukhoma mabokosi. Bokosi la maliro limafunika lero lomwe, ndipo silifuna ngodya yoti ipirire madzinja makumi atatu. Anyamata ambiri amene adaloŵa ntchito ya matabwa m'zaka zimenezo adaphunzira sowo, hamala ndi msomali, tchizulo osayigwira kwenikweni. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, maliro adachepa ndipo amisiri adabwerera ku mabedi ndi masofa, koma akuluakulu ena odziŵa zakale adali atapita. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a zaumisiri, lidapeza ntchitoyi ili pa mavuto otere.

Pamene izi zinkachitika kuno, ku China zinthu zinkayenda mobwerera. Mipando ya Ming idali itayiŵalika ndithu mpaka pamene Gustav Ecke, mphunzitsi wa ku Germany wokhala ku Peking, adatulutsa buku mu 1944 lokhala ndi zojambula zowonetsa m'kati mwa ngodya zija. Pambuyo pake katswiri wa ku China komweko, Wang Shixiang, amene adabadwa mu 1914 namwalira mu 2009, adatha zaka zambiri akuyendera amisiri okalamba a ku Beijing, kulemba mayina a kalumikizidwe kalikonse ndi kutola mipando yakale. Mabuku ake a m'zaka za m'ma 1980 adadzutsa chidwi chachikulu. Dziko la China litayamba kulemera, anthu ambiri adafuna mipando yopangidwa mwa chikale, ya mitengo yofiira imene iwo amati hongmu. Mu 2000 boma lawo lidatulutsa mndandanda wa mitundu 33 ya mitengo yoyenera kutchulidwa dzinali, ndipo phingo wathu adali pa mndandandawo. Huanghuali ndi zitan zidali zitatha kale m'nkhalango zambiri, choncho amalonda adatembenukira ku Laos, ku Myanmar, ku Madagascar, kenaka kumtunda kuno kwa Africa.

Anansi athu ndiwo adayamba kulaŵa. Ku Zambia ndi ku Congo kuli mtengo wotchedwa mukula, mbale wa mlombwa, umene mtima wake wofiira ngati magazi umafanana ndi zitan. M'zaka za m'ma 2010 mitengo imeneyi idadulidwa mosawumira, ndipo boma la Zambia lidaletsa malondawo kangapo konse koma malole sadaleke kuyenda. Ku Mozambique zipika za ku Tete ndi ku Niassa zinkatsikira ku madoko a Beira ndi Nacala, ndipo zochuluka zinkapita ku China. Ifenso sitidapulumuke. Mu 2016 anthu 35, Amalaŵi ndi akunja omwe, adagwidwa m'nkhalango ya Lengwe m'boma la Chikwawa ali ndi mathirakitala ndi makina ochekera, akudula mitengo ya tsanya. Pa phiri la Mulanje, mkungudza, umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, udadulidwa ndi anthu athu omwe mpaka kafukufuku wa mu 2017 adangopeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mu 2019, pa msonkhano wa mayiko wa pangano la CITES ku Geneva, dziko la Malaŵi ndilo lidapempha kuti mukula ndi mkungudza ziyikidwe pa mndandanda wa mitengo yosaloledwa kugulitsidwa kunja popanda chilolezo, ndipo pempholo lidavomerezedwa. Mu 2022, ku Panama, mlombwa ndi mbaŵa nazo zidaloŵa pa mndandanda womwewo.

Ubale wa boma la Malaŵi ndi la China udayamba mu Disembala 2007, ndipo zipatso zake zikuwoneka ku City Centre, monga nyumba ya malamulo imene idatsegulidwa mu 2010. M'masitolo a ku Old Town mudadzazanso mipando yochokera kunja, koma siyija ya ku Suzhou. Yambiri ndi ya utuchi wopanikiza ndi guluu, wokutidwa ndi kapepala kojambulidwa maŵanga a mtengo, ndipo madzi akangoloŵa pa ngodya imatupa ngati chikondamoyo. Apa mpamene nkhaniyi imandipweteka ine. Mtengo umene udatenga zaka makumi ambiri kuti ukule m'nkhalango za chigawo chino cha Africa umachoka uli chipika, wogulidwa motsika kwa mlimi wosauka, nkukasemedwa ngodya zokongola kutsidya la nyanja, pamene mmisiri wa ku Mchesi akulimbana ndi paini wamuŵisi. Kulakwa sikuli pa luso la amisiri a ku China, limene ndi loyenera ulemu. Luso lawo lija lidabadwa pofuna kusamala mtengo wodula, thabwa lopyapyala m'malo mwa lochindikala, mpando womasulika kuti ukonzedwe m'malo motayidwa, ndipo ndi nzeru imene dziko lotsala ndi mlombwa woŵerengeka likuyisoŵa kwambiri. Makina odulira chopendeka ndi okumbira tingalande alipo kale m'mashedi ena a mu Lilongwe. Chimene chikusoŵa ndi matabwa owuma bwino, ndi ogula ololera kudikira ndi kulipira.

Kwa inu amene mukuganiza zogula tebulo kapena kabati mukagulitsa mbewu chaka chino, pali zinthu zoŵerengeka zimene mungayang'ane. Litembenuzeni tebulolo. Mukawona mitu ya misomali yobisidwa ndi phala la utuchi pa ngodya, dziŵani chimene mukugula. Mukawona nsonga ya lilime itatulukira pa mtengo wa felemu, kapena chikhomo chamtengo chitakhomedwa pambali, mmisiriyo adagwira tchizulo. Funsani kuti matabwawo adachekedwa liti, ndipo anyamuleni, pakuti thabwa laliŵisi limalemera ndi kuzizira m'manja. Pa chitseko cha kabati, gogodani thabwa lapakati ndi chala, ndipo ngati likugwedezeka pang'ono m'felemu musadandawule. Ndipo ikafika Okutobala, mukawona kamzere kotuwa kopanda vanishi katatulukira m'mphepete mwa thabwalo, musathamangire kwa mmisiri kukabweza katundu. Thabwa langonyala ndi kutuluka pang'ono m'kangalande kake, ndipo mvula ikagwa mu Disembala kamzereko kadzabisikanso.